Kalembedwe ka nthano yaitali yachikondi ya pa Khirisimasi: ndondomeko ya olemba za ku Zomba

Chaka chikamapendekera kumapeto, alembi achinyamata amabwera ndi funso lomwelomwelo: "Ndikufuna kulemba buku lachikondi la nyengo ya Khirisimasi, lokhazika mtima pansi, la munthu amene wakayambanso moyo kumalo achilendo n'kupezako abale. Ndiyambire pati?" Pakamwa ndayankha mokwanira, tsono ndilembe kamodzi. Zitsanzo zonse ndazimanga pa Zomba, chifukwa nthano yotere imafuna msewu, mtsinje ndi msika zoti wowerenga aziloza ndi chala. Amene mukulemba za Kasungu kapena Mzuzu musinthe mayina a malo ndi ndiwo zake, ndondomeko ndi yomweyi.

Dziwiranitu ichi musanagwire cholembera. Wowerenga buku lotere amadziwa kuchokera pachikuto kuti awiriwo adzakondana. Chimene chimamukhazika pampando mpaka tsamba lomaliza ndi kuona munthu wofika ndi chikwama chimodzi, wopanda womulonjera, akusanduka mwana wa pamalopo. N'chifukwa chake nambala 5 m'munsimu ndi yaitali kuposa zonse.

1. Yezani ntchito musanayiyambe

Khazikitsani mawu pafupifupi 30,000. Amenewa ndi mitu 20 ya mawu 1,500 uliwonse, ndipo papepala la A5 amatuluka masamba 110 kapena 120. Mukamalemba mawu 500 patsiku, zolemba zoyamba zitha m'miyezi iwiri. Onjezani mwezi wozisiya zipume ndi mwezi wokonza. Ndiye kuti buku loti ligulidwe mu Disembala liyambike mu Meyi kapena Juni, osati mvula itagwa kale.

Nkhani yakeyo ichitike m'milungu isanu kapena isanu ndi umodzi: kuyambira kumapeto a Novembala kufika pa 1 Januwale. Mukatambasula kufika miyezi isanu ndi itatu, Khirisimasi imasanduka mutu umodzi wongodutsa, ndipo buku silikhalanso la nyengoyo.

2. Mpangankhani wamkulu: abwere ndi bala komanso luso

Mpangankhani ndi munthu wa m'nthano. Wamkulu ndi amene nkhani imamutsata. Musanamupatse dzina, yankhani mafunso atatu papepala. Wachoka kuti, ndipo chamuchotsa n'chiyani? Chifukwa chiyani wasankha Zomba, osati kwawo kwa amake? M'manja mwake muli luso lanji?

Funso lachiwirili ambiri amalilumpha, pomwe wowerenga wa kuno salikhululukira. Munthu banja likatha kapena ntchito ikatha amabwerera kumudzi. Ngati wanuyo sakubwerera, pakhale chifukwa. Mwina akuchita manyazi chifukwa ndiye ankatumiza ndalama kumudzi. Mwina wapeza kantchito ka mu ofesi kapena pasukulu ina. Mwina mudzi wake ku Phalombe unakokoloka ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Mwina agogo anamusiyira kanyumba kongotsala zipupa ku Sadzi. Sankhani chimodzi chokha.

Luso likhale logwirika: kusoka, kuwerengera ndalama, kuphika mandasi osamwa mafuta, kukonza mawayilesi, kuphunzitsa kwaya. Lidzagwira ntchito yaikulu pa nambala 5. Ndipo mupatseni chilema cha khalidwe chomwe chingamulepheretse kulandiridwa: kudzitsekera m'nyumba, kukana thandizo, kuyankha moni mwachidule ngati wa m'tauni yaikulu. Mpangankhani wopanda cholakwa alibe poti akule. M'malangizo ano timutche Tiyamike, telala wa zaka 32 wochokera ku Ndirande, ali ndi mwana mmodzi dzina lake Dalitso ndi makina osokera a mwendo.

3. Sankhani dera limodzi, mulidziwe ndi mapazi

"Ku Zomba" si malo okwanira. Chinamwali, Matawale, Sadzi, Chikanda, Mpondabwino ndi Old Naisi ndi maiko osiyana: kusiyana lendi, kusiyana phokoso, kusiyana anthu okhalamo. Ku Chikanda, pafupi ndi yunivesite, mupeza ophunzira ambiri ochita lendi. Mukatuluka tauni pali Thondwe, Jali, Songani, Domasi ndi Malosa, komwe moyo wake ndi wa pamsika ndi kumunda. Sankhani dera limodzi, mujambule mapu ake ndi pensulo: nyumba ya Tiyamike, mpopi, chigayo, tchalitchi, mzikiti, golosale, pokwerera kabaza, ndi mlatho kapena chithaphwi chomwe chimavuta mvula ikagwa. Zinthu zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu basi, ndipo nkhani izibwerera pamalo omwewa mpaka wowerenga aziyenda yekha.

Cholakwa chofala ndi kulemba Zomba wa alendo oona malo. Mutu uliwonse awiriwo ali ku Ku Chawe, mawa ku Williams Falls, mkuja ku Chingwe's Hole. Telala wa lendi sakhala choncho. Phiri likhale pamwamba pa nkhani tsiku lililonse, liziwoneka pakhomo, mitambo izitsika nalo masana, anyamata azitsika nalo ndi mitolo ya nkhuni ndi mbatata ya kachewere. Kukwera kwenikweni kusungidwe kwa mutu umodzi, ndipo akafika kumtunda, komwe nsonga zake zimapitirira mamita 2,000, aziona damu la Mulunguzi, nkhungu, ndi nyanja ya Chilwa kutali chakum'mawa. Azimva kuzizira ngakhale ndi Disembala.

Mbiri ya tauniyi ilowe kudzera mwa anthu. Zomba anali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno mpaka 1994. Musalembe ndime ya mbiri, pangani nkhalamba yopuma ntchito m'boma yomwe imavalabe tayi popita kumsika ndipo imaloza nyumba zakale za atsamunda n'kumati, "Muja munali ofesi yathu." Chimodzimodzi nyanja ya Chilwa, yomwe inauma mu 1968 ndi mu 1995: msodzi wakale wa ku Kachulu amene pano amagulitsa matemba pamsika ali ndi nkhani yake ya kuyambanso moyo, ndipo akhoza kumuuza Tiyamike m'mizere itatu.

4. Disembala weniweni

Apa pamagwa alembi amene anaonera mafilimu ambiri. Disembala wa ku Zomba ndi wa mvula yamabingu, kutentha kwa chinyezi m'mawa, matope ofiira m'mapazi, ndi Likangala wodzaza. Chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja, ndi ka Juni ndi Julayi. Mukakaika pa Khirisimasi wowerenga atseka buku. Kumacha cha m'ma 5 koloko, ndipo ikamakwana hafu pasiti sikisi madzulo kwada, choncho awiri anu sangamayende "dzuwa likulowa" 8 koloko.

Pa chakudya samalani nyengo. Mango alipo ambiri, bowa wayamba, ngumbi zimatuluka mvula ikakata madzulo ndipo ana amazithamangira pansi pa getsi ndi mabeseni a madzi. Chimanga cha m'munda wa mvula chikadali m'mawondo, anthu ali pa kupalira ndi kuthira feteleza. Mondokwa wa nthawi imeneyi ndi wa kudimba. Tsiku la Khirisimasi ndi la mpunga ndi nkhuku kapena nyama ya mbuzi, Fanta, Sobo, buledi wa majarini m'mawa, zovala zatsopano za ana, ndi mawu aja oti "Khirisimasi yanga ili kuti?" Akatolika ali ndi Misa ya usiku wa pa 24, mipingo ina ili ndi sewero la kubadwa kwa Yesu lomwe ana amavala zitenje n'kukhala abusa, ndipo usiku wa pa 31 matchalitchi ambiri amachezera kudikira chaka chatsopano. Kumbukirani kuti Zomba ali ndi Asilamu ambiri, ndipo a Seventh-day Adventist satenga tsikuli monga ena. Dera lomwe aliyense akuyimba nyimbo za Khirisimasi ndi labodza. Lokoma ndi lomwe mayi wachisilamu woyandikana naye akulandira mbale ya mpunga, nkhuku yake itazingidwa ndi shehe dala kuti nayenso adye.

Ndipo kumbuyo kwa chisangalalo chonsecho kuli Januwale: fizi, lendi, ufa wotha. Musamubise. Mayi wogulira mwana nsapato akudziwa bwino za Januwale ndiye amakhudza mtima. Koma mitengo ya zinthu musailembe m'manambala; mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi, ndipo buku lotchula mtengo wa nkhuku limakalamba chaka chisanathe. Lembani kuti "ndalama ya nkhuku imodzi" kapena "lendi ya mwezi".

5. Makwerero a kulandiridwa

Pano ndi pomwe mabuku ambiri otere amafera. Mlembi amafikitsa mpangankhani pamalo, anthu onse n'kumukonda tsiku lomwelo, kumubweretsera ufa, kumutcha mwana wawo. Wowerenga samva kanthu, chifukwa chimene chaperekedwa chaulere pa tsamba 10 sichingamulize pa tsamba 110. Kulandiridwa kumakwera pang'onopang'ono, ndipo khwerero lililonse limafuna chochitika chakechake chooneka ndi maso. Makwererowo ndi asanu ndi limodzi.

Loyamba ndi kuonedwa. Tiyamike akutsitsa makina pa kabaza, makatani a nyumba zina akugwedezeka. Alibe dzina, ndi "wobwera uja". Alandilodi akupita naye kwa amfumu a dera kukamuonetsa, monga zimakhalira m'malokeshoni ambiri, ndipo amfumu akufunsa mafunso omwe iye sakufuna kuyankha: kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, bambo a mwanayu ali kuti. Mutu umodzi ndi theka wakwana.

Lachiwiri ndi kubwereka. Munthu salowa m'gulu asanakhale ndi ngongole kwa wina, ndipo wonyada ngati Tiyamike amaizemba ngongoleyo mpaka zitamukanika. Magetsi athima, makala anyowa, mwana ali ndi njala; akakamizika kukapala moto. Taonani m'mene zingamvekere:

"Odi kuno!"
"Odini. Aa, ndi inu? Lowani, mukunyowatu."
"Ayi pompano, mayi. Ndimati mundigawireko moto."
Mayi Nasibeko anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku matope a m'zala. Anatenga phale, nakokeramo makala atatu ofiira, kenaka anabenthula nsima ya pamwamba n'kuivundikira ndi mbale ina.
"Iyi ndi ya mwana. Mbalezo mubweza mawa, sizithawa."

Palibe amene wanena kuti "takulandirani". Koma mbale ziwiri zawoloka mpanda, ndipo mbale yobwera ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu. Mawa lake Tiyamike ayenera kuganiza choikamo, ndipo alibe china koma mango anayi. Mwapeza mutu wotsatira osauvutikira.

Lachitatu ndi kulakwa. Ili alembi amaliopa chifukwa safuna kuti wowerenga amude mpangankhani, koma popanda ilo nkhani ilibe msana. Cholakwacho chikhale chenicheni malinga ndi kuno. Pamsewu payalidwa masamba aawisi, chizindikiro cha maliro, iye n'kudutsa ali pa kabaza osatsika. Kapena anzake ali kusiwa, nyumba yomwe amachezera maliro, iye watseka chitseko makina akulira usiku wonse chifukwa ali ndi madiresi oti apereke mawa. Chifukwa chake n'chomveka, wowerenga amumvetsa, komabe walakwa. Chilango chake musachilembe ngati mkangano wokuwa. Ku mpopi macheza amangoduka iye akafika. Moni akuyankhidwa ndi liwu limodzi. Mwana wake abwera akulira kuti anzake amuchotsa pa fulaye.

Ena amafunsa ngati maliro akuyenera kupezeka m'buku la chisangalalo. Akuyenera, bola akhale a munthu wokalamba amene wowerenga sanamuzolowere, ndipo abwere m'gawo loyamba la buku, osati pafupi ndi pa 25. Kuno munthu amadziwika kuti ndi wathu kapena ayi pamaliro. Ngati mtima wanu ukukana ndithu, gwiritsani ntchito denga losasuka ndi mphepo ya mvula, kapena woyandikana naye wogonekedwa kuchipatala wosowa gadiyani womudikirira.

Lachinayi ndi kutumidwa. Akapepesa, ndipo apepese kudzera mwa munthu wamkulu monga Mayi Nasibeko osati pamsonkhano, chizindikiro choti zatheka si mawu okoma. Ndi tsiku lomwe wina amuuza mosanyengerera, "Inu amake Dalitso, tatengani ndowayo mukatunge madzi, mwangoima bwanji?" Mlendo amapatsidwa mpando, wa pakhomo amapatsidwa ntchito. Lembani chochitikachi mosamala, muonetse Tiyamike akusenza ndowayo ndi mtima wopepuka, koma musamufotokozere wowerenga chifukwa chake. Akudziwa.

Lachisanu ndi kufunidwa, ndipo apa luso lija lituluke. Chida chabwino kwambiri cha Disembala ndi banki m'khonde. Ili ndi gulu la anthu, kawirikawiri amayi 15 mpaka 25, omwe amasonkha masheya mlungu ndi mlungu, kubwereketsana pa chiwongoladzanja, n'kugawana zonse pakutha pa chaka. Magulu ambiri amagawana mu Disembala momwemu. Ena amasunga ndalama m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Musalisokoneze ndi chipereganyu, pomwe anthu amasonkherana n'kupatsa mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Tsono taganizani: kwatsala masiku khumi kuti agawane, mabuku sakugwirizana, wina sanabweze ngongole, Khirisimasi ya mabanja 20 ili pachiswe, ndipo wodziwa masamu ndi wobwera uja. Kapena kwaya ili ndi nsalu koma telala wawo wathawa ndi dipoziti. Chachikulu n'chakuti thandizo lake limudyere kanthu: tulo, kasitomala wolipira bwino, kapena chinsinsi chomwe ayenera kusunga atapeza kuti wosabwezayo ndi mayi yemwe anamupatsa moto.

Lachisanu ndi chimodzi ndi kutetezedwa. Anthu omwe aja ankamunena ndi omwe aimirire wina wakunja akabwera kudzamunyoza, kaya ndi mwamuna wake wakale wofuna makina, kaya alandilodi ofuna kumutulutsa pa 31. Chiganizo chomwe buku lonse lakhala likuyembekeza chituluke m'kamwa mwa amene ankamuda kwambiri, ndipo chikhale chachifupi: "Ameneyu ndi wathu, mulankhule ndi ife."

Zochenjeza ziwiri pa anthu a m'derali. Otchulidwa mayina asapitirire asanu ndi awiri, apo ayi wowerenga asokonezeka. Ndipo aliyense akhale ndi chofuna chake chosakhudza Tiyamike: wina akudikira mwana wake wa ku Joni amene analonjeza kubwera pa Khirisimasi, wina akufuna udindo ku Mvano, wina akubisa kuti maso ayamba kufooka. Anthu ongokhalira kuthandiza mpangankhani ndi zidole.

Mukamaliza zolemba zoyamba yesani motere. Chotsani m'maganizo anthu onse a m'dera, musiye awiri okondanawo. Ngati nkhani yawo ikuyendabe chimodzimodzi, ntchito ya nambala 5 simunaigwire, bwererani.

6. Mwamunayo, ndi chowalekanitsa

Akhale wa m'dera lomwelo, womangika m'makwerero aja: kalipentala amene akukhoma denga, mphunzitsi woyimbitsa kwaya, mlongo wa mayi amene amamuda Tiyamike. Pewani bwana wa galimoto wodzathetsa mavuto onse ndi envulopu. Akangolowa, anthu a m'dera asanduka opanda ntchito. Nayenso akhale ndi bala lake, ndipo lisafanane ndi la mkaziyo.

Akumane maso ndi maso kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri m'buku lonse, ndipo kukumana kulikonse kusinthe kanthu. Chikondi cha kuno chimaoneka m'zochita: wabweretsa lamba wa makina osatumidwa, wasiya ambulera pakhonde n'kupita akunyowa, wakonzera mwana galimoto yamawaya. Kupsompsonana pakati pa msika wa Zomba kusiyeni. Sizichitika, ndipo chala chokhudza chala polandirana chikho cha thobwa chimatentha kuposa pamenepo. Kumbukirani kuti saonana okha. Nthawi zonse pali mwana wotumidwa, mayi wosesa pabwalo, wakabaza wodziwa zonse. Maso amenewa ndiwo amakometsa nkhani.

Chowalekanitsa chisakhale kusamvana koti foni imodzi ikhoza kuthetsa, monga kumuona ali ndi mkazi amene pambuyo pake apezeka kuti ndi mchemwali wake. Zimenezo zinatha fasho. Tengani zolemera zomwe zilipodi. Banja loyamba la Tiyamike silinathe mwamwambo chifukwa ankhoswe, oimira mbali ziwiri za banja, sanakhalepo pansi, ndipo mwamuna wake woyambayo ali ku Johannesburg sayankha. Kapena nkhani ya chikamwini, mwambo wofala kuno kummwera woti mwamuna akakhale kwawo kwa mkazi: Tiyamike alibe "kwawo" koti amutengere, ndipo mwamunayo ali ndi mbumba yoti aziyang'anira. Kapena wina ndi Mkhristu wina Msilamu. Kapena kwabwera mwayi wa ntchito ku Lilongwe woyamba pa 2 Januwale. Sankhani chimodzi chachikulu ndi china chaching'ono. Munthu woipa kotheratu safunika.

7. Alankhulane monga anthu

Palibe chimene chimaulula mlembi wongomasulira za kunja ngati mayitanidwe. Tiyamike sangatchule mayi wamkulu dzina lake loyamba. Ndi "mayi", "amake Uje", kapena dzina la mfunda monga Nasibeko, Naphiri, Nabanda. Kwa Ayao kuli "Che" patsogolo pa dzina, ndipo moni wa "Ali uli?" pamsika umamveka tsiku lililonse; mizere iwiri itatu ya Chiyao kapena Chilomwe ikwana, bola mufunse mwini chiyankhulo akuonereni. Anyamata a kabaza ndi a "aise", "madala", "asisi". Ana amati "antie" kapena "ankolo" kwa aliyense wamkulu wa m'tauni.

Awiri okondanawo ayambe ndi "inu", "achimwene", "amake Dalitso". Tsiku lomwe "iwe" adzatuluke koyamba likhale losankhidwa, cha m'mutu 15 kapena kupitirira, ndipo mwina atuluke mwangozi pa nthawi ya mantha, mwana atasowa mvula ikugwa. Ambiri okwatirana amakhalabe pa "inu" moyo wonse, choncho mukhozanso osamutulutsa n'komwe. Miyambi ikhale ya nkhalamba imodzi yokha, isapitirire isanu m'buku lonse. Mukamaliza mutu uliwonse werengani zolankhulazo mokweza. Pomwe lilime lapunthwa, chiganizocho chili ndi Chingerezi pansi pake.

8. Yalani mitu

Mitu 1 mpaka 3: kufika, amfumu, kupala moto, kumuona mwamunayo koyamba. Mitu 4 mpaka 7: kulakwa ndi kuzizira kwake. Mitu 8 mpaka 12: kupepesa, kutumidwa, chikondi kuyamba kuphuka, ulendo wa kuphiri. Mitu 13 mpaka 16: vuto la banki m'khonde likula limodzi ndi chowalekanitsa chija, mpaka Tiyamike amanga katundu kuti azipita. Pampondachimera, pomwe zonse zimafika pothina, pakhale pa 24 usiku kapena pa 25, m'mitu 17 ndi 18. Mitu iwiri yotsala ndi ya mlungu wopita ku chaka chatsopano.

Musamalize ndi ukwati. M'milungu isanu munthu sangafike, kudziwika, kufunsiridwa, kuchita chinkhoswe, kulengezedwa kutchalitchi n'kukwatiwa. Wowerenga wamkulu aseka. Malizani pomwe mawu atumizidwa kwa amalume, kapena pomwe funso labuka lakuti "Nanga mbali ya mkazi aimira ndani?" ndipo anthu a m'dera akulimbirana. Chowalekanitsa chija chithetsedwe ndi chisankho cha Tiyamike mwini, osati ndi ngozi, lotale kapena kalata yochokera kumwamba.

Mfotokozankhani akhale mmodzi, kapena awiri osinthana mitu, mkazi ndi mwamuna. Kulumpha kuchoka m'mutu mwa uyu kulowa mwa uyo pakati pa ndime kumachotsa chinsinsi chomwe chikondi chimadalira.

9. Kukonza ndi kusindikiza

Zolemba zoyamba zija zisiyeni milungu itatu kapena inayi osaziwerenga. Kenaka werengani katatu, ulendo uliwonse ndi cholinga chimodzi: koyamba makwerero aja, kachiwiri masiku ndi nyengo (lembani kalendala ya Disembala, muone kuti Lamulungu likugwa pomwe mwaliika), kachitatu kalembedwe. Pa kalembedwe tsatirani malamulo a Chichewa omwe amasamalidwa ndi a Centre for Language Studies a University of Malawi konkuno ku Zomba, ndipo musankhe njira imodzi pa mawu ngati "n'kuti", "m'nyumba", "Khirisimasi", musasinthesinthe.

Perekani kwa owerenga atatu osakhala abale anu: mayi wa m'dera lomwe mwalemba, wachinyamata wowerenga pafoni, ndi mphunzitsi wa Chichewa. Musawafunse ngati lakoma, adzati lakoma. Afunseni kuti anasiyira tsamba liti koyamba, ndani amene sanamukhulupirire, ndi pati pomwe anati "kuno sitichita choncho". Ngati mwabwereka khalidwe la munthu weniweni wa m'dera lanu, sinthani dzina, ntchito, msinkhu ndi mpingo; Zomba ndi wamng'ono, anthu adzalozana.

Nambala ya ISBN, yomwe imazindikiritsa buku lililonse losindikizidwa, imatengedwa ku National Archives of Malawi, yomwe ili ku Zomba konkuno, ndipo kumeneko n'komwenso lamulo limafuna kuti mukasiyeko kope la buku losindikizidwa. Za umwini wa ntchito yanu kaonaneni ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso. Kwa osindikiza pemphani kope limodzi loyesera musanalipire onse, muone ngati zizindikiro za m'mawu ngati "ng'ombe" sizinasanduke timabokosi, komanso ngati guluu wa kumsana akugwira mukatsegula buku pakati. Yambani ndi makope 100 kapena 200. Pachikuto pasakhale chipale chofewa kapena nkhalamba ya ndevu zoyera. Phiri, ambulera ndi denga la malata zakwana. Mabukuwo akhale m'manja mwanu pofika pa 15 Novembala, chifukwa ikadutsa pa 20 Disembala ndalama za anthu zapita kale ku mpunga ndi nkhuku, ndipo otsalawo mudzawasunga m'katoni mpaka chaka chamawa.